Penti Wamadzi ndi Mwayi wa Lameck

Tadala ndi Mphatso, mutu uno ndi wa ntchito imene inakulerani kuno ku Mangalande. Muona kuti dzina la munthu amene mumati ankolo a Lameck likutuluka pena paliponse. Ndinayesa kulemba momulambalala, koma zinakanika. Si m'bale wathu wa magazi, ndi mnzanga wa ku Limbe, ndipo ine ndizingomutchula kuti Lameck monga ndakhala ndikuchitira chiyambire.

2002

Ndinafika ku Birmingham kukuzizira, kutsatira mayi anu amene anali atayamba kale unamwino pa chipatala cha ku Bordesley Green. Iwe Tadala unali ndi zaka zinayi, iwe Mphatso unali usanabadwe. Ku Limbe ndinasiya ntchito yopopera penti pa galaja ina, ntchito imene ndinaiphunzira ndili mnyamata. Sindikudzitama, koma galimoto yogundidwa ikachoka m'manja mwa ine Fyson, mwini wake ankaizungulira kufunafuna pamene panali bala, osapapeza. Kuno panalibe wodziwa zimenezo. Miyezi yoyamba ndinatsuka mapoto m'khitchini ya hotela, kenako ajenti wina ananditumiza ku fakitale ina pakati pa Birmingham ndi Wolverhampton. Fakitaleyo inkapenta mabampala, zitseko ndi zivundikiro za magalasi, n'kumatumiza ku makampani akuluakulu opanga magalimoto. Ntchito yanga inali yopukuta fumbi pa mabampala asanalowe m'chipinda chopoperamo. Ndinkapukuta ndikusuzumira pawindo mmene anzanga ankagwirira mfuti ya penti, dzanja likundiyabwa.

Kapitawo wathu anali Dennis, mzungu wamfupi wobadwira komweko, wolankhula Chingerezi chimene ndinatha chaka ndisanachizolowere. Tsiku lina wopopera mmodzi sanabwere, mabampala ali mulu, lole ikudikira panja. Ndinapita kwa Dennis n'kumuuza kuti ntchitoyo ndimaidziwa.

"Unapoperapo chiyani?" anandifunsa.

"Matakisi, malole, mabasi. Ngakhale galimoto ya maliro."

Anaseka, n'kundipatsa bampala yotayidwa kuti ndiyeserepo. Nditamaliza anainyamula kupita nayo pansi pa getsi, n'kuipendeka uku ndi uku. Anangopita kukatenga ovolosi yoyera ndi masiki, n'kundiponyera.

Penti wa masiku amenewo anali wosungunula ndi thina, mankhwala a fungo laukali, ngati wa ku Limbe yemwe uja. Fungo lake linkakulandira ukadali pa siteji ya basi. Mafani ankakoka nthunzi m'zipinda zathu n'kuitulutsira pa chumuni, mphepo n'kuigawira anthu a m'nyumba zoyandikana nafe. Amayi a kumeneko ankabwera pa geti kudzadandaula kuti zovala zawo pa chingwe zikununkha galaja. Ife tinkangoseka, n'kumati ntchito imanunkha choncho. Kunyumba mayi anu sankandilola kukhala pa sofa ndisanasambe, chifukwa iwe Tadala unali utayamba kale kubanika ndi mphumu.

2003

Ine ndi Lameck tinaphunzira ntchito pa galaja imodzi, ndipo ndiye anandiperekeza pa ukwati wanga. Mkazi wake Agnes atapeza malo a unamwino pa chipatala cha New Cross, ku Wolverhampton, anabwera onse awiri n'kufikira pabalaza pathu. Jekete yoyamba imene Lameck anavala m'dziko muno inali yanga. Ndine ndinamuphunzitsa kukwera basi ya kuno, ndipo ndine ndinamutengera kwa Dennis.

"Amapopera ngati iwe?" Dennis anandifunsa, Lameck ataima panja.

"Ndi mnzanga wa kalekale."

"Sindinafunse zimenezo."

Komabe anamulemba. Zoona zake n'zakuti dzanja la Lameck linali lolemera. Ankachedwa pamalo amodzi, penti n'kuchuluka, n'kuyamba kuyenderera. Ife timati misozi. Mabampala a Lameck ankalira ngati ali pamaliro. Nthawi ya tiyi ndinkatsalira, n'kumakhula misozi yake ndi sandipepa Dennis asanadutse. Sindinkadandaula. Kunena zoona, ndinkamva kukoma. Ku tchalitchi chathu cha Amalawi akamationetsa kwa alendo ankati, "Awa ndi a Fyson, amapenta magalimoto a azungu. Awa ndi a Lameck, mnzawo." Kwa ine dziko linali litakhala mmene liyenera kukhalira.

2006

Nthawi imeneyi malamulo a utsi wa m'mafakitale anali atakhwima, ndipo makampani amene tinkawapentera anauza mabwana athu kuti sapitiriza kugula kwa fakitale yonunkhitsa mpweya. Panabwera zinthu ziwiri. Choyamba chinali penti wamadzi, wosungunula ndi madzi m'malo mwa thina wambiri uja, kuti akamauma pazituluka nthunzi yopanda ukali. Chachiwiri chinali chimakina chachikulu ngati kontena chimene anachiika kuseri kwa fakitale. Tinkachitcha ng'anjo. Mpweya wonse wochokera m'zipinda zopoperamo ndi m'mauvuni oumitsira penti unkayamba wadutsa mmenemo, n'kuwotchedwa ndi moto waukali mpaka fungo lonse kupsa, kenako n'kutulukira pa chumuni. Kutentha kotsalako ankakubweza mkati kuti kuziumitsa penti.

Kampani inafuna wopopera mmodzi woti azipita ku koleji tsiku limodzi pa sabata, akaphunzire za ng'anjoyo ndi kayezedwe ka mpweya. Nditamva ndinathamangira kwa Dennis, masiki ali pakhosi.

"Kosi imeneyi ndikuifuna ine."

"Ndikudziwa," anatero. "Koma sindingakutulutse m'chipinda. Penti watsopanoyu ativuta kwambiri, ndipo ndikachotsa iwe, mabampala onse abwezedwa. Ndituma Lameck."

"Lameck?"

"Lameck akasowa tsiku limodzi palibe chimene chiwonongeke. Mwinanso zinthu ziyendako bwino." Anandimenya paphewa akuseka. "Ndikukuyamikiratu, Fyson. Sukumva?"

Ndinamva. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Lameck anaipa pa penti, mzungu n'kumupatsa nyimbo. Ine ndinakongola, n'kundisiya ndi masiki kumaso. Madzulo a tsiku limenelo tili pa siteji ya basi Lameck anandiyang'ana mwamanyazi.

"Aise, ukafuna ndikana."

"Usakane. Ukakana apatsa wina, osati ine."

Mawuwo anali oona, koma anatuluka ngati ndikulavula mchenga.

Penti wamadzi anatizunza. Sankauma msanga. Kunja kukachita chinyezi ankasintha khalidwe, lero wolemera mawa wopepuka. Munthu woyandikira zaka makumi asanu ndinayambiranso kuphunzitsa dzanja langa ngati wongoyamba kumene. Tinagwira ovataimu mpaka msana kuuma, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, Lameck ali ku koleji kapena ali pa tebulo ndi mabuku. Pang'onopang'ono tinamugonjetsa pentiyo. Fungo linatha pa siteji ya basi, ndipo amayi aja anasiya kubwera pa geti. Kanyuzipepala ka kampani kanatulutsa chithunzi cha mabwana ndi alendo ochokera ku khonsolo ataima kutsogolo kwa ng'anjo, pakati pawo pali Lameck atavala chipewa choyera. Ife amene tinalimbana ndi penti tinali mkati, tili pa shifiti. Mayi anu anadula chithunzicho n'kuchimata pa firiji. "Ndi wathu uyu," anatero. Kwa miyezi ingapo ndinkatsegula firiji ndikuyang'ana kumbali.

2009 mpaka 2013

Malonda a magalimoto atagwa, fakitale inayamba kutigwiritsa masiku atatu pa sabata, ndipo anzathu ambiri anachotsedwa. Lameck sanakhudzidwe. Lamulo linkafuna kuti pakhale munthu woyang'anira chumuni, kaya fakitale ikupenta zambiri kaya zochepa. Iwe Mphatso unali wamng'ono, ndipo mayi anu anawonjezera mashifiti mpaka miyendo kutupa. Loweruka lililonse Lameck ankagogoda ndi majumbo a mpunga, mafuta ndi nkhuku, n'kumati, "Agnes anagula zambiri, firiji yatichepera." Bodza limenelo ankalinena ndi nkhope yowongoka kuti ndisachite manyazi. Ndinkadya mpungawo chifukwa inu munkadya. Akanakhala munthu wodzikweza bwenzi zili bwino, ndikanakhala ndi pomugwira. Lameck analibe pogwira.

Malonda atadzuka, kampani inagula maloboti. Sindikunena a pamsewu aja, koma mikono yachitsulo yopopera penti yokha. Dennis anali atapuma ntchito, choncho amene anatisonkhanitsa mu kantini kudzatifotokozera anali Lameck. Anati loboti simwaza penti. Penti wambiri amakakamira pa bampala m'malo moulukira m'mwamba, choncho utsi wopita ku ng'anjo umachepa ndipo mafuta owotchera amachepanso. Analankhula Chingerezi chosalala, azungu akugwedeza mitu. Ine ndinakhala kumbuyo ndikuganiza kuti munthu amene ankaliritsa mabampala lero akutiuza kuti manja athu amamwaza penti. Opopera ambiri anapita. Ine anandisunga, n'kundiika m'kachipinda kokonzera zimene maloboti alakwitsa. Mmenemo munkalowa tintchito ting'onoting'ono, ndipo tinkagwiritsabe vanishi waukali wa thina.

Zaka zomwezo Lameck anagula nyumba ku Solihull, yokhala ndi poimika galimoto pakhomo ndi kadimba kumbuyo. Ife tinali tidakali m'nyumba yathu yogundana ndi anzathu ku Bordesley Green, yomwe ino. Tsiku lina ku tchalitchi kunabwera m'busa wochokera ku Lilongwe, ndipo mkulu wa mpingo anatitengera kwa iye. "Awa ndi a injiniya Lameck," anatero. "Awa ndi a Fyson, amagwira nawo limodzi."

2015

Ndinali nditagula galimoto ya dizilo, yoyamba m'moyo wanga yosafuna kukankha. Masiku ndinkaigula aliyense ankati dizilo ndiye wanzeru, samwa mafuta. Kenako nkhani inaphulika pa TV kuti ena mwa opanga magalimoto ankabera mayeso, ndipo utsi wa dizilo pamsewu unali woipa kuposa umene unkaoneka poyeza. Lamlungu lina Lameck ndi Agnes anabwera kudzadya nafe. Iwe Tadala unali m'kalasi yomaliza ya sekondale. Unali ndi mafunso, ndipo mafunsowo sunandifunse ine, amene galimoto ya dizilo inali yanga. Unatembenukira kwa Lameck.

Lameck anakankhira mbale pambali, n'kundandalika makapu ndi masipuni pa tebulo. "Iyi ndi injini, uku ndi ku ekizozi," anatero. "Apa pali kabokosi, mkati mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Mwaye umakodwa mmenemo, ukachuluka galimoto imauwotcha yokha. Apa pali kena kamene kamasandutsa mpweya woipa kuti ukhale wosapweteka. Ma dizilo atsopano amathiranso madzi apadera mu ekizozi kuti aphe ukali wotsala. Zonsezi zikamagwira ntchito moona, utsi umachepa kwambiri. Vuto ndi pamene anthu asankha kunama."

Unayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Unati ndiye chimenechi chimakubanikitsa ukamadikira basi pa msewu waukulu. Unati kuyambira uli mwana unkaganiza kuti vuto lili m'chifuwa mwako, osadziwa kuti lili mu mpweya, ndipo kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kulikonza. Ndinali ndisanakuonepo ukumvetsera munthu choncho. Ndinanyamuka kukatsuka mbale, chinthu chimene mayi anu anadabwa nacho.

Sukulu itakuuzani kuti mupeze malo okaonerako ntchito kwa sabata, unasankha fakitale yathu. Ndinauza anzanga onse kuti mwana wanga akubwera. Ndinasesa kachipinda kanga, ndinakonza bampala yofiira yoti ndidzakuonetse mmene bala limasowera. Sabata yonseyo unakhala mu ofesi ya Lameck ndi padenga pa chumuni. Kwanga unadutsa kamodzi, Lameck akukuyendetsa m'fakitale, utavala chipewa choyera. Munaima pawindo. Tinalimo awiri, tonse mu ovolosi ndi masiki, ndipo ndinaona maso ako akusuntha kuchoka kwa mnzanga kubwera kwa ine, n'kubwereranso. Lameck ndiye analoza. Sindinamve mawu chifukwa cha mafani, koma ndinaona milomo yake: adadi ako ndi awo. Unakweza dzanja, nanenso ndinakweza langa, mfuti ya penti ili m'dzanja linalo. Kenako munapitirira.

Unapita ku yunivesite, ndipo lero umayeza utsi ndi mabatire pa kampani yopanga magalimoto. Ndimanyadira, usakayike. Koma pa phwando lako lomaliza maphunziro, mu holo ya tchalitchi, unaimirira n'kunena kuti ankolo a Lameck anakuonetsa njira, ndipo adadi anagwira ntchito molimbika. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinaseka nawo, mumtima ndikuti kugwira ntchito molimbika amayamikira nako bulu.

2019

Chaka chilichonse kunkabwera namwino wa kampani kudzatiuziritsa mpweya m'kapaipi kuti aone mphamvu ya mapapo. Chaka chimenechi ananditumiza kwa dokotala, ndipo dokotala anati mapapo anga atopa ndi thina wa zaka zambiri, wa ku Limbe ndi wa kuno, ndipo ndisalowenso m'chipinda chopoperamo. Mayi wa ku ofesi yoona za antchito anandiitana n'kundipatsa njira ziwiri. Yoyamba, ndipume ntchito nthawi isanakwane chifukwa cha matenda. Yachiwiri, ndisamukire ku gulu loyang'anira ng'anjo ndi mpweya. Mkulu wa gululo anali Lameck.

Ndinafika kunyumba nditasankha kale kupuma. Mayi anu anandimvetsera akusita yunifomu yawo.

"Bambo a Tadala, ndiye muzikhala pakhomo pano kuonera TV? Mphatso akadali pasukulu."

"Ndibwino zimenezo kusiyana ndi kukapempha tchuthi kwa munthu amene ndinamuphunzitsa kukwera basi."

"Lameck anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Anakunyozanipo? Anakudyeranipo miseche?"

"Ndati palibe. Inu simungamvetse."

Anaimika simbi. "Ndakhala ndikumvetsa zaka zonsezi. Mumaganiza kuti sindimaona mukasiya kudya dzina lake likatchulidwa? Chitani zimene mukufuna, koma musadzanene kuti chakuchotsani ntchito ndi chifuwa."

M'mawa mwake Lameck anandipeza pamalo oimika magalimoto, ndisanatsike.

"Malo a ntchito aja ndinakupemphera ndine," anatero atatsamira pa chitseko. "Si chifundo, aise. Ndikufuna munthu amene samagona pa ntchito."

"Ndiye ndizikutchula chiyani? Bwana?"

"Pagulu uziti Lameck. Tikakhala awiri uzindinyoza monga kale."

"Ukudziwa kuti kosi ija inali yanga?"

"Ndikudziwa. Ndinakufunsa pa siteji paja."

"Unandifunsa."

"Ndiye ndichite chiyani, Fyson? Ndibweze satifiketi?"

Masiku otsatira ndinkayenda m'mbali mwa ngalande ya kuseri kwa fakitale nthawi ya nkhomaliro, ndikukangana ndekha. Kupuma kukanatanthauza kuti iwe Mphatso umalize sukulu pa msana wa mayi ako okha. Kuvomera kukanatanthauza kuti Amalawi onse a ku Birmingham adziwe kuti Fyson ali pansi pa Lameck, osati mongoyerekeza koma pa pepala. Ndinavomera. Chifukwa chachikulu unali iwe Mphatso. Koma panalinso chifukwa china chaching'ono: ndinkafuna ndikaone ndi maso anga chimene munthu ameneyu ankachita tsiku lonse. Ndinali wotsimikiza kuti ndi kumwa tiyi.

Sikunali kumwa tiyi. Tinkakwera makwerero achitsulo kupita pa chumuni mphepo ya Januwale ikudula makutu, kukatenga mpweya woti ukayezedwe. Tinkasintha zosefera zolemera ndi penti wouma. Tinkayang'anira kutentha kwa ng'anjo, chifukwa ikazizira pang'ono utsi umadutsa osapsa. M'mawa wina ng'anjo inakana kutentha, malole ali pa geti. Manijala wamkulu wa fakitale anabwera nkhope itafiira, akukalipa kuti mzere wopentera mabampala uyambe, ng'anjo idzatipeza m'njira. Lameck anaima patsogolo pake, manja ali m'matumba.

"Ng'anjo isanafike pa kutentha kwake, palibe bampala imene ilowe."

"Ukudziwa kuti kasitomala akudikira?"

"Ndikudziwa. Kuseri kwa mpanda uko kulinso sukulu ya ana."

Manijala anatukwana n'kubwerera. Mzere unaima mpaka masana. Mwina mukuganiza kuti pamenepo mtima wanga unatsika. Ayi. Unakwera. Ntchito ikanakhala yachabe ndikanadzitonthoza kuti sindinaluze kanthu. Koma inali ntchito yeniyeni, ya munthu wamsana, ndipo ndinadziwa kuti ndikanaitha. Mawu amene ananena aja ndikanawanena ine, mwinanso mokweza.

2021

Chaka chimenechi kunasowa tizipangizo ta kompyuta timene timalowa m'magalimoto. Makampani akuluakulu ankaimitsa mizere yawo, nafenso tinkaima. Sabata ina tinkayatsa ng'anjo, sabata inayo tinkazimitsa. Mkati mwa mavuto amenewo khonsolo ya mzinda inayamba kulipiritsa magalimoto akale otulutsa utsi wambiri akalowa pakati pa tawuni. Dizilo yanga inali m'gulu lomwelo, ndipo holo ya tchalitchi chathu ili mkati mwa malirewo. Iwe Tadala unandiuza kuti ndigule yamagetsi. Ndinakutengera pakhomo n'kukuonetsa msewu wathu, nyumba zogundana, magalimoto ali mbali zonse ziwiri. Ndinakufunsa kuti waya ndiukokera pawindo la chipinda chogona kapena bwanji.

Lameck anali ndi yamagetsi kale, ya kampani, ndipo ankaitchaja pakhomo pake usiku ngati foni. Anayamba kumatitenga Lamlungu lililonse. Galimotoyo inkafika pakhomo osamveka, ndimangozindikira ndi hutala. Inali yabwino, ndipo ndinkadana nayo chifukwa cha ubwino wakewo. Tchalitchi chinali chitayamba kudzaza ndi achinyamata ongofika kumene, a ku Malawi ndi a ku Zambia, obwera kudzasamalira okalamba, ntchito imene amaitcha keya. Tikatuluka ankamuzungulira Lameck. "A injiniya, ndiye mulibe injini mmenemu?" "A injiniya, ku fakitale kwanu kuli mavakansi? Tikufuna kuapulaya." Ine ndinkaima pambali ndi Baibulo. Mtsikana wina wa ku Chipata, waulemu wake, anandipatsa moni n'kufunsa kuti, "Nanga imwe ankolo, keya mucitila kuti?" Ndinamuuza kuti ndinapenta magalimoto m'dziko muno iye asanayambe sukulu. Anati, "Oho," maso ali kwa Lameck.

Dizilo ija ndinaigulitsa motchipa kwa mnyamata wa ku Hanley, kumene kunalibe malipiro amenewo.

2023 mpaka lero

Ndinapuma ntchito zaka zitakwana. Anandichitira kaphwando mu kantini, ndipo Lameck anauza achinyamata amene sanaonepo munthu akupopera ndi dzanja kuti m'fakitale imeneyo simunalowepo dzanja loposa langa. Ananena kuchokera pansi pa mtima. Achinyamatawo anawomba m'manja mwaulemu, n'kuthamangira keke.

Chaka chotsatira nayenso anapuma. Pali chinthu chimene mwina simukuchidziwa bwino: ine ndi Lameck tinagula mapuloti oyandikana ku Chigumula, ndipo tinkagwirizana kuti tikadzapuma tidzabwerera limodzi. Nditafunsa dokotala wanga wa mapapo, sanandiletse. Anangondifunsa kuti mankhwala amene ndimapopera m'kamwa m'mawa ndi madzulo ndizikawapeza kuti, ndipo ndikabanika usiku chipatala chili patali bwanji. Mayi anu anamva mafunsowo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mapapo a Lameck ndi abwinobwino. Iye anatuluka m'chipinda chopoperamo kalekale, tsiku limene Dennis anaona kuti akhoza kusowa popanda chowonongeka. Ananyamuka ndi Agnes, ndipo ine ndinawaperekeza ku bwalo la ndege, n'kubwerera pa basi.

Loweruka lapitali anandiimbira foni ya kanema. Anali ku Limbe, akuti anapita kukagula malata. Anali atada ndi dzuwa, atavala malaya a manja aafupi. Ine ndinali pa sofa ndi juzi ziwiri, mankhwala anga ali pa tebulo.

"Taona pamene panali galaja yathu," anatero akutembenuza foni. "Pano akugulitsapo matayala a kaunjika."

Kumbuyo kwake ndinkamva woitanira akukuwa, "Chigumula, Bvumbwe, Thyolo! Mmodzi yekha!" Kenako minibasi ina inalira, n'kutulutsa chiutsi chakuda chimene chinaphimba kanema yense. Lameck anayamba kutsokomola, akukupiza dzanja kumaso.

"Aise, dizilo wa kuno! Zaka zonse zija ndinkayeretsa mpweya wa azungu, kwathu kuli chonchi. Iwe ukanakomoka pompano. Khala konko, wamva? Dikira ndisunthe."

"Usasunthe," ndinatero.

"Ukufuna uone chiyani? Ndi utsi wokhawokha."

"Ingoima pomwepo."

Anaima. Anakweza foni m'mwamba akutsokomolabe, anthu akumuwomba mapewa podutsa. Ndinaona amayi osenza madengu akutulukira mu utsimo, mnyamata wa njinga ya kabaza, fumbi lofiira m'mbali mwa msewu. Windo la pabalaza pathu linali lotsegula, ndipo mpweya wa ku Bordesley Green unkalowa wozizira, wopanda fungo lililonse, mpweya umene ine ndi iye tinathandiza kuyeretsa. Ndinasendeza nkhope pafupi ndi foni, ndikuyesa kukumbukira mmene utsi wa minibasi umanunkhira dzuwa likaswa mtengo.

Minibasi inadzaza n'kunyamuka, kulowera njira ya ku Chigumula. Lameck anapukuta maso, n'kunena kuti athamange asanatseke sitolo ya malata. Foni inazima. Ngakhale utsi umenewo nawonso unali wake.